Apongozi Anatsokomola Pamaliro Awo Omwe

Kumudzi kwa akazi anga, cha kufupi ndi Limbuli, mpaka lero ndikamadutsa pali amayi ena amene amakoka ana awo n'kuwabisa kuseri kwa chitenje. Sindinabe mbuzi ya munthu, sindinamenye wina aliyense, ndipo mowa ndinasiya ndisanakwatire. Mlandu wanga ndi piyano. Choseketsa chake (ngati pali choseketsa) n'chakuti piyano yeniyeni chibadwire sindinaikhudzepo ndi chala.

Ndili ndi kashopu pa Mulanje Boma, kotaipira anthu zikalata ndi kuwaikira nyimbo m'mamemori khadi. Laputopu yanga ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo mkati mwake ndinapezamo pulogalamu yopangira nyimbo imene mwini wake woyamba anaiwala kuchotsa. Ndikufotokozereni momwe imagwirira ntchito, chifukwa tsoka langa lonse lagona pamenepo. Pa sikirini pamabwera mizeremizere ngati ya m'kope la masamu. Ukadina ndi mausi pa mzere wina pamatuluka kachidutswa, ndipo kachidutswa kameneko ndi liwu limodzi la piyano. Ukakakweza m'mwamba liwu limakwera, ukakatalikitsa liwu limatalika. Umayala tizidutswa timeneti kamodzikamodzi ngati ukudzala chimanga, kenako umadina batani, basi kompyuta imaziimba zonse ndi mawu a piyano yeniyeni imene azungu anaijambula kwawoko n'kuitsekera m'pulogalamumo. Zala za ukatswiri sizifunika. Chofunika ndi makutu ndi kusowa chochita, ndipo kuno mvula ikayamba makasitomala n'kubisala, chachiwiricho ndimakhala nacho chambiri.

Anzanga amene ali ndi mapulogalamu otere amapanga nyimbo zovina, za ng'oma zogwedeza malata. Ine mtima wanga unagwera pa nyimbo za piyano yokhayokha, zopanda ng'oma, zopanda woimba, zamtundu wa azungu akalekale aja. Mkazi wanga Esinati ankazitcha nyimbo zodikirira dokotala. Sindinkamutsutsa, poti nanenso ndinkaona kuti munthu akalowa m'shopu zikulira, ankayamba kuyankhula motsitsa mawu ngati muli wodwala.

Kwathu ndi ku Chiradzulu, kuno ndine mkamwini. Apongozi anga aakazi ndi munthu wa mwambo wakale. Chikwatirire mwana wawo sitinayang'anizanepo m'maso, sitinakhalepo pa mphasa imodzi. Tikakumana panjira, wina ankapatukira m'chimanga (kawirikawiri ine). Akafuna kundiuza kanthu ankauza Esinati, ine ndili pomwepo ndikumva, ndiye Esinati n'kutembenuka kundiuza zomwezo. Apongozi aamuna, a Mukhuwa, tinkapatsana moni bwinobwino, koma nkhani zathu zinkathera pa mvula ndi mtengo wa feteleza. Ankagwira ntchito yophika m'nyumba ya bwana wa esiteti ya tiyi mpaka ukalamba unawachotsa.

Tsiku lina akuchokera kuchipatala cha paboma, kumene ankapita kawirikawiri chifukwa cha chifuwa, mvula inawagwira ndipo anabwera kudzausa m'shopu mwanga. Ndinali ndikuyala tizidutswa tanga. Ndinafuna kuzimitsa chifukwa cha ulemu, koma anakweza dzanja.

“Akamwini, akuimbayo ndani?”

“Ndi kompyuta, bambo.”

“Nanga piyanoyo ili kuti?”

“Ili mkatimu.”

Anaisuzumira laputopu kuseri, anaisuzumira pansi, kenako anakhala pa benchi la makasitomala n'kuvula chipewa. Anandiuza kuti m'nyumba ya bwana muja munali piyano yakuda, ndipo dona, mkazi wa bwanayo, ankaiimba madzulo aliwonse. Iwo ankasendera mbatatesi pawindo la kukhitchini, mochedwa dala, kuti azimvera. M'mawa uliwonse ankaipukuta fumbi piyanoyo, koma kudina kiyi ngakhale imodzi, ayi, sanayerekeze. Panali nyimbo imodzi imene donayo ankaikonda, ndipo inawalowa m'mutu osatulukanso. Dzina lake sankalidziwa. Anatsokomola, ananyambita milomo, n'kuyamba kuiimba mwa mluzu.

Abale inu, nkhalamba ija inali ndi mluzu! Ndinayala tizidutswa tingapo motsatira mluzuwo n'kudina batani. Piyano itabwereza zimene iwo anaimba, anagwira pakamwa. Misozi ndinaiona, koma ndinayang'ana kumbali ngati ndikufunafuna pini.

Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse wa kuchipatala unkathera m'shopu mwanga. Kuti ndisamawavutitse kubwerezabwereza, ndinkawajambula ndi kamaikolofoni, mawu awo n'kukhala pa mzere wawowawo pansi pa mzere wa piyano. Akapita ndinkamvera mluzuwo n'kumayala piyano pamwamba pake. Ndikamaliza ndinkadina kabatani kakang'ono kotseka mzere wa mawu awo kuti piyano izimveka yokha. (Kabatani kameneka mukasunge m'mutu, tikumana nako kutsogoloku.) Iwo anali bwana wovuta. “Ayi akamwini, mwathamanga. Apa dona ankapuma kaye.” Ine n'kusuntha tizidutswa. “Dzanja linali linkalira pansipansi, ngati mabingu a kuseri kwa phiri.” Ine n'kuyala mawu akuluakulu a pansi. Bambo amene ndinkaopa kuwafunsa ngakhale nthawi, tinafika pomakangana ngati anyamata a kalasi imodzi.

Panali malo amodzi, chakumapeto, pamene mluzu wawo unkaima. Ankati pamenepo pali kanjira kotsetsereka kamene kamakafikitsa nyimboyo kunyumba, koma kanawathawa m'mutu. M'pulogalamumo muli chizindikiro chimene ukachiika pa kachigawo ka nyimbo, kompyuta ikafika pamenepo imangozungulira pomwepo, kubwereza, kubwereza, mpaka utachichotsa. Timachigwiritsa ntchito tikamakonza malo ovuta. Ndinachiika pa kachigawo komaliza kaja kuti azimva mobwereza, mwina n'kukumbuka. Ankatsinzina, kugwedeza mutu, kuyesa mluzu ine ndikuwajambula, n'kulephera.

Ulendo wawo womaliza anabwera ataonda kwambiri, jekete ikuwalendewera. Titazungulira pa kachigawo kaja mpaka kutopa, anati, “Zimitsani kaye.” Ndinazimitsa.

“Akamwini, tsiku londitulutsa m'nyumba, bokosi likafika pakhomo, mudzaike imeneyi.”

“Aa, bambo, musayankhule choncho. Mankhwala mwalandirawa...”

“Mankhwala ndi a adokotala, ine ndikunena zanga. Zaka zonse zija ndinkaimvera pawindo, ili ya eni ake. Tsiku limenelo ikhale yanga. Ngakhale yosatha, mudzaike choncho. Alamu anga a Jailosi ndawauza kale.”

A Jailosi ndi mchimwene wa apongozi aakazi, mwini mbumba, munthu amene mawu ake pamudzi paja ndiwo omaliza. Ndinavomera. Ndinalonjeza ndi mtima wanga wonse, ndipo zimene zikubwerazi muziwerenge mukudziwa kuti ndinkawakonda bambo aja.

Anamwalira m'nyengo yozizira, chiperoni, kamvula ka chifunga kaja, chitakuta phiri lonse. Uthenga unandipeza m'mawa ndikutsegula shopu. Apa munthu wanzeru akanatani? Akanaitulutsa nyimboyo m'pulogalamu n'kuiika pa memori khadi, ntchito imene ndimachitira anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku. Ine sindinaitulutsepo n'kale lonse, poti ndinkati sinathe. Ndipo m'mawa umenewo magetsi anali atazima, pamene batire la laputopu yanga linafa kalekale, moti imayaka pokhapokha ili pachingwe. Ndinati palibe kanthu, ndikaiimbira m'pulogalamu momwemo, ndipo imamveka bwino koposa. Ndinabwereka batire la galimoto kwa mnzanga wowotcherera zitsulo, ndinatenga inveta yosinthira moto wa batirelo, sipika ndi laputopu, n'kukwera minibasi ya ku Limbuli, kenako kabaza. Wakabaza anandifunsa ngati ndikupita ku maliro kapena ku disiko. Mausi ndinaiiwala pa tebulo.

Amene munakhalapo mkamwini mukudziwa kuti pamaliro a kuchikamwini sukhala mlendo. Ndinangotula katundu kuseri kwa nyumba, ndisanalire n'komwe mokwanira, ndinamva, “Akamwini, nkhuni zatha!” Ndinawaza nkhuni. Nditatsegula chikwama kuti ndiyese zida zanga, “Akamwini, mabenchi a kutchalitchi!” Ndinasenza mabenchi. Kenako lona, kenako misomali ya bokosi, kenako kuperekeza alendo ochokera ku Likhubula amene anasokera njira. Esinati anali m'nyumba ndi amayi ake, pambali pa malemu. Kunacha tsiku loika maliro zida zanga ndisanaziyatse ngakhale kamodzi.

Masana, abusa atatha kulalikira, ndinaika laputopu pa kampando pafupi ndi khonde, batire pansi, sipika pa dengu lovundikira. Chiperoni chinali chikuwazawaza. Anthu anali atadzaza bwalo lonse mpaka m'munda wa nandolo. A Jailosi anaimirira.

“Malemu anasiya pempho. Anati potuluka m'nyumba mwawo, akamwini awaikire nyimbo yawo. Ife sitikuidziwa, koma pempho la womwalira sitikana. Bokosi liima pakhomo mpaka nyimboyo ithe.” Kenako anatembenukira kwa ine, motsitsa mawu koma aliyense akumva: “Ndi yaifupi, eti?”

“Yaifupi kwambiri, malume.”

Amayi a mvano anadula nyimbo yawo. Amuna onyamula bokosi anatuluka nalo n'kuima pakhomo penipeni, theka lili panja, theka lili m'nyumba. Ndinadina batani.

Ndinene zoona, inayamba bwino. Inayamba bwino kwambiri moti ndikaikumbukira mtima umandipweteka. Piyano ija inatuluka pang'onopang'ono m'chifunga muja, mawu a pansi akulira ngati mmene iwo ankafunira, ndipo bwalo lonse linangoti zii. Pamene dona ankapuma, nayonso inapuma. Ndinamva wina akusisima m'nyumba. Ine ndinawerama mwaulemu, koma mkatimu (Mulungu andikhululukire) ndinkadziuza kuti lero mudzi uno wadziwa kuti unakwatitsa mwana kwa munthu.

Inafika pa kachigawo komaliza kaja. Inakaimba. Inakaimbanso.

Poyamba palibe anazindikira, poti nyimbo zimabwereza. Ine ndekha thukuta linatuluka m'chiperoni chomwecho. Chizindikiro chobwereza chija sindinachichotse chichokere tsiku limene tinalekezera ndi malemu. Kachitatu, kachinayi, piyano ikungozungulira pamalo amodzi ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo. Onyamula bokosi anayamba kusinthasintha miyendo. Mmodzi wa kutsogolo, bambo wamfupi amene kulemera konse kunkatsikira kwa iye, anandiyang'ana ndi maso ofunsa. A Jailosi anatsokomola chitsokomolo cha mwini mbumba.

Mudzati, bwanji sunangozimitsa? Funso limeneli ndadzifunsa ndekha mpaka kutopa. Batani lozimitsira linali pomwepo, lalikulu, pansi pa chala changa. Koma ndinkafuna nyimbo ya bambo aja ithe bwino, pa liwu lomaliza limene ndinaliika patsogolo pa kachigawoko, osati kudulidwa pakati ngati wailesi yatha mabatire. Ndinati ndingochotsa chizindikirocho mwakachetechete, palibe adziwe.

Mausi inali ku Boma. Ndinatsala ndi kabwalo ka palaputopu kosisita ndi chala, ndipo chala chinali chonyowa, kabwalo konyowa, sikirini yodzaza timadontho moti ndinkangoona nkhope yanga yomwe ikundiyang'ana mwamantha. Kamuvi ka pa sikirini kankadumphadumpha kokha. Ndinapukuta ndi malaya. Ndinakasaka, ndinakapeza, ndinakakokera kumene ndinkaganiza kuti kuli chizindikiro, n'kudina.

Ndinadina kabatani kaja.

M'sipika munatuluka chitsokomolo. Osati chitsokomolo wamba. Chinali chitsokomolo chimene mudzi wonse unakhala ukuchimva m'mawa uliwonse kuseri kwa nyumba imeneyo, chouma, chokoka, chothera m'kakulira kapakhosi. Kenako mawu awo enieni, omveka bwino kuposa mmene ankamvekera ali moyo, poti sipika ndinali nditaikweza mpaka kumapeto:

“Kodi chayamba kujambula? Ehee. Tamverani bwino tsono, akamwini.” Ndiyeno mluzu.

Kenako, poti chizindikiro chija chinali chikadali pomwepo, kompyuta inabwerera. Chitsokomolo chija. “Kodi chayamba kujambula? Ehee. Tamverani bwino tsono, akamwini.”

Mayi wina anakuwa, “Mayo ine, adzuka!” Basi, kunali kumwazikana. Mabenchi amene ndinasenza dzulo lake anagwa motsatizana. Amayi a mvano anathawa ndi yunifolomu zawo zoyera kudutsa m'nandolo. Anyamata ena, pakanapanda mtsinje wa Muloza, bwenzi atakapumira ku Mozambiki. Abusa sanathawe, ndiwachitire umboni, koma anabwerera chambuyo mpaka anakagunda nkhokwe. Choipitsitsa chinachitikira pakhomo. Awiri a kutsogolo anasiya bokosi. Linapendekeka, linagunda mphuthu ya chitseko ndi phokoso limene sindidzaliiwala, n'kutsamira pansi mutu uli kunsi. M'nyumba, mmene munali apongozi aakazi ndi Esinati, munabuka kulira kwina, kosiyana ndi kulira kwa maliro.

Ndipo malemu anatsokomolanso kachitatu.

A Jailosi ndi amene anathetsa zonse. Anafika n'kuzula chingwe pa batire ndi dzanja limodzi, moto unathetheka, laputopu inazima. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikanakonda akanandimenya.

“Chokani apa,” anatero. “Kumanda musapondeko.”

Anthu anabwerera mmodzimmodzi, ena akutsimphina, ena akufunafuna nsapato. Bokosi analiwongola, amayi anayambitsa nyimbo ndi mawu onjenjemera, ndipo apongozi anga anatuluka pakhomo pawo popanda piyano. Ine ndinakhala kuseri kwa nyumba pa mulu wa nkhuni zimene ndinawaza ndekha, ndikumva nyimbo ikutalikira. Pamenepo ndi pamene ndinawalira bambo aja zenizeni.

M'mawa mwake amuna a pabanja anandikhazika pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinafotokoza za mizere, za kamaikolofoni, za kabatani. Ndinafotokoza ngati mphunzitsi, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo. Ambiri ankadziwa bwino kuti mawu a munthu amajambulidwa, mafoni ali nawo. Koma funso la a Jailosi linali lina.

“Munthu tamuika dzulo. Mawu ake akufuna chiyani m'makina mwanu? Ndipo bwanji pa anthu onse amene anali pano, anatchula inuyo?”

Wina kumbuyo anati shopu ya akamwini masiku ano ikuyenda bwino kwambiri. Wina anati nkhalamba inayamba kuonda itayamba kulowa m'shopu imeneyo. (Inayamba kulowa m'shopumo chifukwa inkapita kuchipatala, koma pabwalo ngati limenelo mkamwini sawongola nkhani.) Anagamula kuti pali njira ziwiri: laputopu iphwanyidwe ndi nkhwangwa, kapena ndichotse mawu a malemu onse iwo akuona. Apo ayi, Esinati atsala pamudzi, ine ndiziona msewu wa ku Chiradzulu.

Ndinalumikiza batire. Amuna akuluakulu anaunjikana kumbuyo kwanga, ena ataima patali pang'ono. Ndinafufuta mzere wa mawu awo.

“Palibenso kwina?” anafunsa a Jailosi.

Kwina kunaliko. Zonse zimene ndinawajambula miyezi yonse ija zinali m'kafoda kake: mluzu, kuseka, nkhani za dona ndi mbatatesi, kukangana kwathu. Palibe akanadziwa. Koma ndinali ndi mantha, ndipo ndinkafuna kuoneka woyera. Ndinatsegula kafodako n'kuwaonetsa, ndinafufuta zonse, ndinapitanso kumene kompyuta imasungira zotayidwa n'kukhuthula. Ndinatsala ndi piyano yokha, imene iwo anati ilibe mlandu poti si munthu. Amayi a m'nyumba, ofedwa enieniwo, palibe anawafunsa maganizo.

Esinati anabwerera ku Boma patapita milungu ingapo. Nkhaniyi sitinkaikamba. Ankangoti akandiona ndatsegula laputopu madzulo, amatuluka panja. Makasitomala ena anasiya kubwera, ena ankabwera kudzangoona munthu wake. Mnzanga wowotcherera uja mpaka lero akandiona amatsokomola dala.

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, ndili ndekha m'shopu, pakhomo panaima munthu. Anali apongozi aakazi, atavala zakuda, ali okha. Ndinadzidzimuka mpaka ndinagwetsa mpando. Pothawira panalibe, shopu yanga ili ndi khomo limodzi, ndipo chimanga chopatukiramo pa Boma palibe. Anakhala pansi pakhonde, chammbali mwa chitseko, nkhope atalozetsa kumsewu. Ine ndinatembenukira kukhoma. Esinati wotilumikiza panalibe, choncho anayankhula ngati akuuza mphepo.

“Kaya eni shopu ino alipo.”

“Alipo, mayi,” ndinauza khoma.

Anatulutsa kafoni kakang'ono kokulungidwa m'kansalu, n'kukakankhira mkati ndi dzanja osacheuka.

“Ndimati andiikireko mawu aja. A tsiku lija. Ngakhale chitsokomolo chokhacho. M'nyumba muja mwangoti zii, m'mawa ndikumadzuka osadziwa kuti kwacha.”

Abale anga, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinayang'ana khoma lija ngati lindithandiza.

“Mayi, anandilamula kuti ndifufute. Ndinafufuta zonse.”

“Zonse?”

“Zonse, mayi.”

Minibasi inadutsa, kondakitala akuitanira za ku Limbe. Ndinkaganiza kuti anyamuka, koma anati, “Nanga ija ya azungu ija?”

“Imeneyo ilipo.”

“Aike.”

Ndinayang'ana kawiri kuti chizindikiro chobwereza ndachichotsa, ndipo ndinaiika motsitsa. Inayenda bwinobwino mpaka pa kachigawo kaja, inagunda liwu lomaliza limene ndinangoliikapo ndekha, n'kutha.

“Sithera pamenepo,” anatero apongozi, akuyang'anabe kumsewu.

Ndipo anayamba kuing'ung'udza ndi pakamwa potseka. Anayambira pamene mluzu wa amuna awo unkaimira, natsetsereka nako kanjira kaja, pang'onopang'ono, kukhota kamodzi, kupuma, mpaka kukafika kunyumba. Kanali kokongola kuposa chilichonse chimene ndikanapeka ine. Anakhala akuimva nyimboyo chikwatiwire, amuna awo akumeta ndevu, akukonza njinga, asanayambe kuiwala. Miyezi yonse imene ine ndi malemu tinkazungulira pamalo amodzi, mathero ake anali pakhonde la kumudzi, kwa munthu amene ndinkamuthawira m'chimanga.

Kamaikolofoni kanali pa tebulo, kolumikiza kale. Dzanja langa linapita pa batani lojambulira. Ndinakumbuka mtengo wa mapeyala uja, ndinakumbuka maso a a Jailosi, ndipo dzanjalo ndinalibweza.

Atatha anatenga kafoni kawo, anakakulunganso m'kansalu, anauza mphepo kuti itsale bwino, n'kumapita. Ndinathamangira pa laputopu kuti ndiyale tizidutswa ndisanaiwale. Ndinayala titatu. Kachinayi kanali kokwera kapena kotsika? Ndinayesa uku, ndinayesa uko, ndipo pamene kasitomala wina analowa kudzataipitsa kalata yofunsira ntchito, kanjira konse kanali katandithawa.

Ndinapempha Esinati kuti akawapemphe amayi ake adzaing'ung'udzenso. Yankho linabwera loti anaimba kamodzi, ndipo sanaimbire ine.

Masiku ano chilichonse ndimachisunga patatu, nyimbo iliyonse ndimaitulutsa m'pulogalamu ngakhale isanathe, ndipo mausi ndimayenda nayo m'thumba ngati chiphaso. Nzeru zonsezi zinabwera maliro atapita. Nyimbo ya a Mukhuwa ikadali m'laputopu, ndi tizidutswa titatu tolendewera kumapeto kwake. Mvula ikagwa, makasitomala akabisala, ndimaika chizindikiro chija pa kachigawo komaliza n'kumamvera ikuzungulira. Nthawi zina ndimapezeka ndatchera khutu, kudikira kuti wina atsokomole.